Chipata cha Che Uladi

Swadick akakhala yekha anali munthu. Ankayankhula motsitsa mawu, ankavula chipewa akakumana ndi akuluakulu, ndipo tsiku limene Mwanamvua anamuona koyamba, pa ukwati wa msuweni wake ku Lungwena, mnyamatayo anali atagwada pagulu akumanga lamba wa nsapato ya mayi ake. Chimenecho ndicho chinamugwetsa mwana wamkaziyo, osati zigoli. Za mpira iye analibe nazo ntchito.

Vuto linali lakuti Swadick sankakhala yekha kawirikawiri. Kumbuyo kwake kunali Mwera United, anyamata makumi awiri amene chilowereni mu ligi yaikulu ankayenda m'tauni ya Mangochi ngati mlatho wa pa Shire anamanga ndi iwo. Kometetsa sankakhala pamzere. Minibasi yawo inkaima pakati pa msewu, akabaza n'kumakhotera m'ngalande. Akafika pamaliro, oyenera kunyamuka pabenchi kuti mabwanawa akhale anali madala a imvi. Kudzimva shuga konseku chifukwa chodziwa kumenya chikopa, basi.

Analinso ndi lamulo limene ankalinyadira ngati linatsika kumwamba: mu timu mulibe chinsinsi. Sopo ndi wa onse, nsapato ndi za onse, foni ndi ya onse. Mwanamvua analidziwa mochedwa lamuloli. Miyezi iwiri yathunthu ankamulembera Swadick zakumtima kwake pafoni, osadziwa kuti Duncan, kaputeni wa timu, ankaziwerenga mokweza m'minibasi atachepetsa mawu ngati mtsikana, anzake akufa ndi phwete. Ena mwa mayankho okoma aja anali a Duncan yemweyo.

"Ndi mmene timakhalira," anatero Swadick atafunsidwa, akukanda m'mutu. "Magaye amakukonda, Mwana. Akuti ndiwe mlamu wa timu."

"Ine anandifunsira ndi munthu mmodzi."

"Ndikudziwa. Pepa."

Anapepesa maso ali pansi, ngati mnyamata wa ku Lungwena uja, ndipo Mwanamvua anamukhululukira. Chikondi n'chopusa, tisanamizane.

* * *

Che Uladi, malume ake a Mwanamvua amene anamulera chimwalirireni bambo ake, sanali munthu wokalipa. Iwo ankangokuyang'ana, iwe n'kuyamba kukumbukira machimo ako wekha. Nkhani ya Swadick anaimva kwa mlongo wawo, Abiti Jaffalie, mayi a mtsikanayo, ndipo anadikira masiku atatu asanamuitane mwini wake pakhonde.

"Ndamva kuti mwamuna wako ntchito yake n'kuthamangitsa chikopa dzuwa lili paliwombo, atavala kabudula pamaso pa apongozi."

"Ndi ntchito, amalume. Amalipidwa."

"Sindinafunse za malipiro. Anzake aja ndinawaona pamaliro a Che Sameer. Akulu anga amene anandiphunzitsa kuswali kumzikiti anakhala pansi pafumbi, iwo ali pabenchi akudinadina mafoni."

Mwanamvua anayesa kumuteteza. "Iye si wotero. Mukamuona yekha mudzamukonda."

"Ndimuone ndiye. Loweruka likubwerali, tikatuluka kumzikiti ku swala ya masana, abwere ndi malume ake. Alowe pachipata changa, avule nsapato, andipatse dzanja ngati mwana wa anthu. Akatero ndidzamva zonena zawo." Anakweza chala. "Tsiku ndi limodzi, Mwanamvua. A kwa Hafiz andifunsa kawiri, ine n'kumawazengereza chifukwa cha misozi yakoyo. Kachitatu sindiwabweza."

Hafiz anali mwana wa mnzawo wa kumzikiti, mnyamata wofatsa wogulitsa malata ndi misomali. Mwanamvua analibe naye chifukwa, analibenso naye mtima. Koma sanade nkhawa. Kulowa pachipata, kuvula nsapato, kupereka dzanja: ngakhale mwana wa sitandade wanu akanakhoza mayeso amenewo.

* * *

Lachinayi, ali pakhonde la telala kudzatenga diresi lake, anamva fungo la perefyumu mwini wake asanafike. Anali Shamima, amene sankaphonya mpira uliwonse wa Mwera United, amenenso chaka chatha ankayenda ndi Swadick ndipo anali asanavomereze kuti zinatha.

"Alamu atsopano," anatero Shamima akugwira nsalu ya diresiyo ndi zala ziwiri. "Yabwino ndithu. Ndiye akuti Loweruka?"

"Wakuuza ndani?"

"Tauni yonse ikudziwa. Mu timu mulibe chinsinsi, waiwala? Komatu Lamulungu kuli gemu ya wafawafa. Akagonja atuluka mu ligi."

"Ndiye zikundikhudza bwanji ine?"

Shamima anamuyang'ana momumvera chisoni chabodza. "Aa, sanakuuze? Ali ndi sing'anga wawo ku Nkhudzi, amene amamutchula kuti dokotala. Gemu ikakhala yaikulu amawasambitsa Lachisanu. Akatero, mpaka wezulo womaliza, palibe wolowa pachipata chilichonse, palibe wopatsa mlendo dzanja, palibe woyenda yekha. Akuti pachipata ndi pamene adani amakwirira zinthu. Sunaone kuti kubwalo la mpira amalowera pamwamba pa mpanda? Unkayesa akulimbitsa thupi?"

"Swadick amaswali kasanu patsiku."

"Amaswali, inde. Kwathu anabwera tsiku ngati limenelo, bambo anga ali gone pamkeka ndi malungo. Anaima kunja kwa mpanda n'kufuula kuti pepani, ngati wogulitsa makala." Anasiya nsaluyo n'kupukuta zala zake. "Ndikukuuza ngati mkazi mnzako."

Mkazi mnzake wake uti? M'maso mwa Shamima munali chikondwerero chosabisika. Komabe Mwanamvua anafika kunyumba diresi lili m'manja, mtima uli m'malere.

* * *

Sanaimbe foni, chifukwa sankadziwa kuti ayankha ndani. Anangolemba kuti akufuna kuonana naye Lachisanu m'mawa, yekha, pamtengo wa mango wa pafupi ndi siteji ya kabaza. Swadick anabweradi yekha, atanyamula kajumbo ka mandazi.

"N'zoona za chipata?" anafunsa Mwanamvua osalandira mandaziwo.

Swadick anayang'ana uku ndi uku. "Wakuuza ndi Shamima."

"Ndafunsa ngati zili zoona."

"Ine sindizikhulupirira, Mwana. Ndimangotsatira kuti anzanga asandione ngati ndagulitsa gemu. Ukapanda kusamba nawo, timu n'kugonja, mlandu wonse ndi wako." Anatsitsa mawu. "Sungawapemphe amalume kuti tibwere Lolemba?"

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti mkamwini wawo wamangidwa ndi nsupa za ku Nkhudzi? Malume ako akuchokera ku Namwera mawa. Mayi anga agula kale nkhuku. Tsiku ndi limodzi, Swadick. Ukaliphonya, Loweruka linalo pamkeka paja padzakhala a kwa Hafiz."

Dzina la Hafiz linamulasa. Anamugwira dzanja, ndipo kwa kanthawi anali munthu uja. "Wallahi, ndikulumbira, ndidzalowa pachipata. Ndidzavala mkanjo woyera. Ndidzabwera ndekha, magaye anene zimene anene. Ndimakukonda kuposa mpira."

Mwanamvua anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira. Asanayankhe, hutala inalira kumsewu. Minibasi ya timu inali itaima pakati penipeni, mutu wa Duncan uli pazenera.

"Alamu! Tibwerekeni kaye mwamunayo, tikubwezerani ali wathunthu."

M'minibasimo munaphulika chiseko. Swadick anataya dzanja la Mwanamvua ngati latentha, n'kuthamanga osatsanzika. Mandazi aja anapita nawo.

* * *

Loweruka Abiti Jaffalie anadzuka mbandakucha. Anaphika mpunga ndi nkhuku ziwiri, anasesa bwalo kawiri, anatsuka mbale za alendo n'kuziyanika pathandala m'mbali mwa mpanda, pafupi ndi kadimba kawo ka mpiru. Chipata cha malata anachitsekula mbali zonse ziwiri n'kuchitsamiritsa ndi miyala.

Che Atumani, malume ake a Swadick, anafika nthawi yake, fumbi la ku Namwera lili m'nsidze. Anaima pachipata, anapereka salamu, analowa, anavula nsapato, anagwira dzanja la Che Uladi ndi manja awiri. Madala awiriwo anakhala pamkeka akukambirana za mitengo ya fodya ndi usipa. Mwanamvua anali kuchipinda monga mwa mwambo, diso lili pakatani.

Kenako anamva nyimbo.

Inali nyimbo ya kubwalo la mpira, yotukwana goloboyi wa adani, ikuimbidwa ndi makosi khumi ndi anayi, ena akumenya malata a minibasi. Galimotoyo inaima kutsogolo kwa nyumba. Anatsika mmodzimmodzi, onse m'mayunifolomu obiriwira, magalasi akuda m'maso, ngati akubwera kudzalandira chikho.

Duncan anatsogola. Anayang'ana chipata chotsekulacho, n'kuchilambalala ngati chimbudzi chodzaza. Anayenda m'mbali mwa mpanda wa njerwa, anaika manja pamwamba, hopu, n'kugwera m'kadimba ka mpiru. Wachiwiri anatsatira. Wachitatu. Anyamata athanzi, odya bwino, akugwa m'bwalo la munthu masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akatera anzake n'kumuombera m'manja. Pomafika wa khumi, mpiru wa Abiti Jaffalie unali matope.

Che Uladi sananyamuke. Che Atumani anali kukamwa yasa.

"Madala athu, zikomo," anatero Duncan atafika pakhonde, nsapato zili kuphazi, manja ali m'matumba. "Musadandaule za dzanja, tidzakupatsani Lolemba. Ife ndi abale ake a mkamwini wanu. Tabwera tonse kuti muone kuti mwana wanu akukwatiwa ndi anthu odziwika. Anthu ena amalipira kuti atione."

Wina anali atafika kale kukhitchini, akuvundukula mapoto.

Koma Mwanamvua sankayang'ana zimenezo. Ankayang'ana kumsewu, kumene kunatsala munthu mmodzi. Swadick anali atavaladi mkanjo woyera ndi kofia. Anaima pakati, chipata kudzanja lamanja, mpanda kumanzere, thukuta lili kamukamu.

Mwambo unkati mtsikana asatuluke mpaka ataitanidwa. Mwanamvua anauponda mwambowo. Anatuluka, anadutsa pamaso pa amalume ake, n'kukaima pachipata penipeni.

"Swadick," anatero motsitsa. "Lowa apa."

Panali mapazi anayi okha. Swadick anaponya phazi limodzi, ndipo Mwanamvua anamva misozi yachimwemwe ikubwera.

"Namba naini," anaitana Duncan ali m'kati mwa bwalo. Sanakweze mawu n'komwe. "Ukadutsa pamenepo wagulitsa amuna makumi awiri chifukwa cha mkazi mmodzi. Tinadya limodzi, tinagona pasimenti limodzi ligi isanatidziwe. Sankha."

Anzake anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, akutchula nambala yake. Naini. Naini. Naini.

Swadick anayang'ana Mwanamvua ndi maso a galu wakuba. "Ndi mawa lokha, Mwana. Uwafotokozere amalume."

Anakwinya mkanjo uja mpaka m'chiuno, kabudula wa timu n'kuonekera pansi pake. Anali atavala kale, kutanthauza kuti anasankha asanachoke kukampu. Anathamangira kumpanda, anzake akukuwa, n'kudumpha.

Mkanjo si yunifolomu. Nsalu inakola panjerwa yapamwamba, mnyamatayo anatembenuka m'malere n'kugwera pathandala. Mbale za alendo zinamwazika bwalo lonse. Pansi pa phokoso limenelo panamveka kaphokoso kena, ngati munthu wathyola phesi la chimanga, ndipo Swadick anakuwa atagwira akakolo.

"Mwendo!" anafuula Duncan, magalasi atagwa. "Mwendo wa timu!"

Palibe anayang'ana mbale, palibe anayang'ana mayi amene anaima pakhomo la khitchini atagwira kumutu. Anamuzungulira Swadick akutukwanizana. Anamunyamula anthu asanu. Ndipo poti lamulo ndi lamulo, anamukweza pamwamba pa mpanda ngati thumba la chimanga, ena n'kumulandira kunja, iye akulira, chipata chili chotsekula mbali zonse ziwiri pafupi pomwepo. Womaliza kudumpha anali ndi ntchafu ya nkhuku kukamwa.

Minibasi itachoka, Che Uladi anatembenukira kwa mlendo wawo.

"Che Atumani, inu mwalowa bwino. Mudye, mupume, mubwerere bwino. Za mwana wa mlongo wanu ndilibe mawu. Kuno olowera pampanda sitikambirana nawo za ukwati."

Che Atumani anavula kofia n'kuphimba nayo kumaso. Mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wachita manyazi chifukwa cha tianyamata tosadziwa ngakhale kumanga khola la nkhuku. Mwanamvua anali chiimire pachipata. Sanalire. Anachotsa miyala ija n'kutseka yekha.

* * *

Lamulungu Mwera United inagonja ndi chigoli chimodzi kwa duu, n'kutuluka mu ligi. Kusamba konse kuja, kudumpha konse kuja.

Nkhani anabwera nayo ndi Shamima, pafoni. Anatumiza chithunzi cha zimene anyamatawo ankalemberana pagulu lawo. Duncan analemba kuti: "Mkazi uja ndi wa minyama. Naini watipha chifukwa cha siketi." Ena anavomereza ndi mawu amene sitingawabwereze pano. Pansi pake panali mzere wonena kuti Swadick wachotsedwa pagulu.

Abale aja, odya limodzi ndi kugona pasimenti limodzi, palibe ndi mmodzi yemwe anaponda kuchipatala. Sopo wa onse, foni ya onse, koma mwendo wothyoka unali wa Swadick yekha.

Uthenga wachiwiri wa Shamima unali waufupi. "Ngati wamusiya undiuze msanga, ndikamuphikire phala."

Mwanamvua anazimitsa foni. Atayatsa Lachiwiri anapeza kuti Swadick waimba kakhumi ndi kamodzi. Sanabweze. Ankamunyoza, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti pansi pa kunyozako ankamukondabe. Akatseka maso ankaona mnyamata wogwada ku Lungwena, kenako n'kuona kabudula wobiriwira pansi pa mkanjo.

Lachitatu Che Uladi anamuitana pakhonde.

"A kwa Hafiz abwera Loweruka. Sindikukakamiza. Ndidzakuitana pamaso pawo, uyankhe ndi pakamwa pako. Koma ukawakana, usadzandibweretserenso nkhani ya wampira. Imeneyo inathera pathandala."

"Ndamva, amalume."

* * *

Loweruka limenelo chipata chinatsekedwa alendo atangolowa. Nsapato zawo zinali pamzere pansi pa khonde, mapeyala anayi, zoyang'ana mbali imodzi. Hafiz anakhala kumapeto kwa mkeka maso ali pansi. Mbale zinali zobwereka kwa aneba.

Mwanamvua ankachokera kukhitchini ndi thireyi ya tiyi pamene anamva kugogoda. Kunali kugogoda kwa munthu wamantha, katatu, kenako zii.

"Odi."

Mawuwo anawadziwa. Anaika thireyi pamtondo, n'kupita kukasuzumira pampata wa malata.

Swadick anali yekha. Kumbuyo kwake kunalibe minibasi, kunalibe nyimbo, kabaza amene anamubweretsa anali akutembenuka kale. Anatsamira ndodo ziwiri zachipatala, mwendo wamanja uli m'chikhakha mpaka m'bondo. Nsapato yake imodzi yokhayo anali ataivula kale, ili m'manja, phazi lili pamchenga wotentha. Anali atawonda.

"Mwana, ndabwera ndekha," anatero. "Ndabwera pachipata."

Mtima wa Mwanamvua unadumpha, ndipo anadzida chifukwa cha zimenezo. Dzanja lake linapita lokha pa loko.

"Abale ako ali kuti?"

"Ndilibe abale. Ndinalakwa. Nditsekulire ndigwade pamaso pa amalume, andinene mmene angafunire."

"Ndikufunse chinthu chimodzi, undiyankhe zoona." Anayandikitsa nkhope pampatapo. "Wabwera pachipata chifukwa wafuna, kapena chifukwa mwendowo sungadumphe? Mukanapambana Lamulungu, iwe n'kugoletsa, lero ukanakhala uli pano kapena m'minibasi?"

Swadick anatsekula pakamwa. Anayang'ana nsapato ili m'manja mwake. Mnyamata amene analumbira Wallahi pansi pa mango mosavuta konse, lero lilime linamukanika.

"Sindikudziwa," anatero pomaliza. "Koma ndabwera."

Aka kanali koyamba kuti amuuze zoona zosakometsera, ndipo Mwanamvua sanadziwe ngati amutsekulire kapena amulavulire.

"Akugogodayo ndani?" anafunsa Che Uladi ali pakhonde.

Abiti Jaffalie anasuzumira ali kukhitchini. "Ndi wampira uja, achimwene."

Hafiz anadzutsa mutu koyamba.

"Msiyeni," anatero Che Uladi mosatekeseka. "Njira yolowera muno akuidziwa. Mwanamvua, bwera ndi tiyiyo. Alendo akudikira yankho lako."

Mwanamvua anayang'ana thireyi pamtondo, dzanja lake likadali pa loko. Kunja Swadick anagogodanso.